Waya Wobiriwira m'Bokosi la Azakhali

Loweruka, pa 17 Ogasiti.

Ndinali kuchapa masokosi akusukulu kuseri kwa nyumba pamene atate anandiitana m'mawa uno. Sanatume amayi kuti andiitane monga amachitira masiku ano. Anaitana okha, ndi mawu aja akale.

"Mama! Siya zochapazo. Lero undiperekeza ku Chiparamba."

Ndinapukuta manja pachitenje, ndinapita kukagwada chapatali ndi mpando wawo. Amayi anasuzumira pakhomo la khitchini, tsache lili m'manja.

"Ku Chiparamba? Mtsikana wamkulu chonchi azikanyamula mapulayala?"

"Akaone azakhali ake," anatero atate. "Sukulu atsekera. Azingokhala pano kuwerenga malata?"

Amayi anawayang'ana, anandiyang'ananso ine, kenako anabwerera m'khitchini. Ine mtima unali kugunda ngati ndaitanidwa ku ofesi ya ahedi, koma mwachimwemwe.

Atate ndi mmisiri wa zamagetsi. Amalowetsa mawaya m'nyumba zatsopano, ndipo kuno ku Kapata kuli masitolo ambiri amene nyali zake zimayaka chifukwa cha manja awo. Ndili wamng'ono ndinkawatsatira Loweruka lililonse. Chikwama chawo chachikopa chinkandilemera, ndiye ankandipatsa tesita yokha, kasikuludalaiva kaja kokhala ndi kanyali m'mimba, kamene kamayaka ukakhudza waya wamoto. Ndinkayenda nako mosamala ngati kandulo ya pa ubatizo.

Pa ntchito yonse, chimene ndinkakonda chinali bokosi la magetsi, lija limakhala pakhoma, mmene mawaya onse a m'nyumba amakumana ndi mabuleka, timaswichi todula moto zinthu zikalakwika. Atate ankandiimika pa ndowa yovundikira kuti ndifikire, ndipo tinali ndi masewera athu. Iwo ankagwira waya, ine ndinkatchula mtundu wake.

"Wofiira!"

"Wamoto ameneyo. Apite ku buleka."

"Wakuda!"

"Nyutulo. Ku kachitsulo ka kumanzere."

"Wobiriwira!"

"Ethi. Ku kachitsulo ka kumanja. Asayandikire mnzakeyo."

M'bokosimo mumakhala tizitsulo tiwiri tamkuwa tokhala ndi mabowo ondandalikana, bowo lililonse ndi kabawuti kake komangira waya. Kachitsulo kamodzi ndi ka mawaya akuda okhaokha, kenako ndi ka obiriwira okhaokha. Limeneli ndi lamulo la ntchito yawo, ndipo atate ankalinena ngati akuphunzitsa katekisimu. Wakuda ndi wantchito, ankatero, amabweza magetsi tsiku ndi tsiku. Wobiriwira amangokhala, kudikira tsiku la tsoka. Iyeyu amalumikizidwa ku chitsulo cha firiji, cha sitovu, cha ayironi, n'kukatsikira ku ndodo yamkuwa yokhomedwa m'nthaka, kuti chipangizo chikawonongeka moto uthawire pansi, usadutse mwa munthu. Lamulo lina linali lakuti bowo limodzi, waya mmodzi. Ukapanikiza awiri pa kabawuti kamodzi, mmodzi amagwidwa, winayo amangonamizira, ndipo m'kupita kwa nthawi amamasuka n'kuyamba kutentha. Akamanga waya aliyense, atate ankamukoka pang'ono ndi zala ziwiri kuti amve ngati wagwiradi.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti nanga munthu akasinthanitsa wakuda ndi wobiriwira chimachitika n'chiyani.

"Nyali ziyaka, mama. Firiji ikhoza kuzizira bwinobwino. Choopsa chake ndi chimenecho, palibe amene adziwe. Koma tsiku limene waya wakuda adzamasuke kupholo, chitsulo chonse cha firiji chidzasanduka moto. Ndiye wina abwere wopanda nsapato, agwire chitseko..."

Sanamalize. Anangondigwira mphuno ndi zala zonunkha pulasitiki, n'kupitiriza ntchito.

Masewerawo anatha chaka chimene ndinakula. Amayi achilangizo a ku tchalitchi kwathu anandikhazika pamphasa, anandiuza zambiri. Zina ndaiwala, koma za atate sindinaiwale. Usakhale nawo pafupi. Usawagwire. Kuchipinda kwawo usalowe. Ndipo mwana wamkazi sawongolera atate ake, makamaka pamaso pa anthu. Ine manyazi ndinabadwa nawo, ndiye malangizowo anangondilowa ngati madzi mumchenga. Atate nawonso anayamba kundilankhula kudzera mwa amayi. Sitinakangane ayi. Tinangotalikirana mwaulemu, ndipo chikwama chachikopa chija ndinkangochiona chikutuluka m'mawa ndi kubwera madzulo.

M'minibasi lero ndinakhala kumbuyo kwawo. Ndinali kuyang'ana imvi za m'khosi mwawo, ndipo tinthu tina timene ndakhala ndikuona chaka chino tinayamba kubwera m'mutu. Njinga anasiya kukwera, amati bondo. Kuwerenga Mawu ku mphakati anasiya, amati tisiyire achinyamata. Tsiku lina anathira tiyi pambali pa kapu, n'kuseka kuti kapuyo yathawa. Matenda a shuga akhala nawo kuyambira kale, ndipo mapiritsi amamwa osadumphitsa. Zonsezi ndinkaziona chimodzichimodzi, sindinaziikepo pamodzi. Ngakhale pamene tinali kutsika, phazi lawo likufufuza pansi lisanaponde, ndinangoti ndi bondo lomwelo.

Azakhali ndi mlongo wawo wa atate. Iwo ndi amuna awo, amene timawatcha ankolo, amalima nsawa ndi thonje. Mapholo a magetsi afika kumudzi kwawo chaka chino, ndipo a kampani ya magetsi anati abwera Lolemba kudzayendera nyumba ndi kulumikiza. Mapaipi, masoketi ndi maswichi anaika ndi mmisiri mnzawo wa atate sabata yatha. Bokosi lokha atate anakana kusiyira munthu. Anati la mlongo wawo amanga okha.

Tinapeza azakhali pakhonde akuswa nsawa, makoko ali mbwee mpaka pabwalo, mphepo ikuwaulutsa. Anandikumbatira, anandizunguliza kuti andione bwino, anati ndatalika ngati mlongoti. Ankolo anatuluka akumanga lamba.

"Alamu! Lero mwabwera ndi insipekita wanu?"

"Ndi foromani ameneyu," anayankha atate.

"Foromani wosayankhula? Ameneyu ndiye wabwino. Wa pakhomo panga pano amayamba kulamula tambala asanalire."

"Ndakumvani!" anakuwa azakhali. "Pakadapanda foromani ameneyo bwenzi mukugonabe m'nyumba yaudzu, thonje mutamwera."

Tonse tinaseka, ngakhale ine ndinasekera m'chitenje.

Pabalaza panali firiji yoyera, yatsopano. Anaigula atagulitsa thonje, magetsi asanafike n'komwe. Pamwamba pake azakhali anayala kansalu koluka, ndipo m'kati munali shuga ndi buledi, kubisira nyerere. Anandiuza kuti magetsi akayaka azigulitsa zoziziritsa kukhosi kwa ana asukulu. Mwana wawo wotsiriza, kamtsikana kamene kangoyamba kuthamanga, kaikonda firijiyo kuposa munthu aliyense. Kamatsegula, kamatseka, kamamata tsaya pa chitseko chake, kamaiimbira nyimbo.

Bokosi linali m'kanjira kopita kuzipinda, mopanda windo. Mawaya anali lendelende kutuluka m'mapaipi ngati mizu ya kachere. Atate anatsegula chikwama, anandipatsa tochi.

"Mama, ima apa. Uziunikira."

Ndinaima pafupi nawo kuposa mmene ndaimirapo zaka zonsezi. Ankolo anabweretsa kampando, anakhala kumbuyo kwathu kuti aonerere.

"Mawayawo ndinakatenga ndekha ku Mwami, alamu, kwa mnzanga wa malonda a m'malire. Ndinamuuza kuti toonda sindifuna. Wofiira, wakuda, wobiriwira, onse akhale onenepa mofanana. Nyumba yanga si khola la nkhunda."

Dzanja la atate linaima m'chikwama.

"Onse ofanana?"

"Ndithu! Gwirani mumve."

"Chabwino," anatero atate, motsitsa mawu.

Anayamba ndi ofiira, ndipo anayenda nawo bwino. Manja awo ndi okongola pa ntchito. Amasenda waya kamodzi kokha, osavulaza mkuwa, amamupinda mwaudongo kuti atsate m'mbali mwa bokosi. Ndinaona kuti nkhope anaiyandikiza kwambiri, mphuno pafupi kukhudza mabuleka, koma ndinati mwina tochi yanga ndiyo yofooka. Ndinaiyandikiza.

Atafika pa akuda ndi obiriwira, liwiro linatha. Wobiriwira wa ankolo ndi wodera, ngati tsamba la mango lokhwima. Atate ankatenga waya, ankamugubuduza pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ankamusiya, ankatenga wina, ankamugubuduzanso. Kawiri anatembenukira kwa ine, milomo itatseguka pang'ono, koma ankolo anali pomwepo, akusimba za mitengo ya nsawa ndi za katekisiti amene akufunanso magetsi.

"Ndamuuza kuti mlamu wanga sanalakwitsepo chiyambire. Ndati ameneyo angamange bokosi ali m'tulo. Awotu mwagwirawo ndi a soketi ya firiji, alamu, muwamange kwambiri."

Atate anatenga wobiriwira. Anamugubuduza. Anamulowetsa ku kachitsulo ka kumanzere, pakati pa akuda. Anamanga kabawuti, anakoka ndi zala ziwiri. Kenako anatenga wakuda, mnzake wa wobiriwirayo, anamulowetsa ku kachitsulo ka kumanja. Anamanga, anakoka.

Ndinayandikiza tochi, ndinayang'anitsitsa.

Poyamba ndinaganiza kuti ndine amene ndaiwala. Ndinabwereza masewera athu mumtima. Wakuda kumanzere, wobiriwira kumanja. Sindinaiwale. Kenako ndinaganiza kuti mwina akundiyesa, atembenuka posachedwa n'kundiseka. Sanatembenuke. Anapitiriza, ndipo otsatirawo anakhoza. Koma chakumapeto anatenga wakuda wina, anafufuza bowo ndi nsonga yake, anamukankhira m'bowo limene munali kale mnzake. Awiri pa kabawuti kamodzi. Atate anga, amene ankati wochita zimenezi ayenera kukagulitsa tomato.

Pamenepo njinga, kapu ya tiyi ndi Mawu a ku mphakati zinabwera pamodzi. Ndinazindikiranso chimene zala zawo zinali kufuna. M'nyumba zambiri zimene amagwira, waya wobiriwira amakhala woonda pang'ono kuposa wakuda. Maso atayamba kukana, atate ankasiyanitsa ndi zala. Lero ankolo, mwa kukoma mtima kwawo, anali atawalanda njira yokhayo imene inawatsalira.

Ndinafuna kulira, koma ndinali wogwira tochi.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji ndikulimbana ndekha. Ndinadziuza kuti woyendera wa Lolemba adzapeza yekha, ine ndisalowemo. Koma akadzapeza, adzanena mokweza, ankolo ali pomwepo, mudzi wonse utasonkhana kudzaona nyali yoyamba. Atate adzakhala ku Kapata osadziwa kuti dzina lawo likutha. Nanga akapanda kupeza? Waya mmodzi wodera pakati pa akuda, m'kanjira kamdima. Ndinadziuzanso kuti ndikawauza ineyo, ndiwaphera ntchito ndi pakamwa panga, pamaso pa alamu awo. Mawu a amayi achilangizo anali kulira m'makutu mwanga.

Ndiye kamwana kaja kanatulukira. Azakhali anali atangokasambitsa. Kanathawa thaulo, kanathamanga kali maliseche, mapazi akusiya madontho pasimenti, kanakakumbatira firiji ndi manja onse awiri, tsaya lonyowa pa chitsulo.

"Iwe! Bwera kuno, nyani iwe!" anakuwa azakhali ali panja. "Achimwene, chakudya chapsa. Siyani kaye."

"Titseke bokosi, tibwera," anayankha atate. Anawerama, anafufuza chivundikiro pansi, anachinyamula.

"Atate."

Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti ndinaganiza kuti sanamve. Koma anaima.

Ndinagwada pomwepo m'kanjiramo, tochi ili m'manja. Ndinayang'ana nsapato zawo.

"Atate, za magetsi tikuphunzira kusukulu, koma zandisokonekera. Musanatseke, tingachite monga kale? Inu muzigwira, ine ndizitchula."

Ankolo anaomba m'manja.

"Foromani wayankhula! Alamu, lero kugwa mvula mu Ogasiti." Anadzuka, anadziwongola msana. "Sukulu yanuyo ine inandikana kale. Mundipeza pa nkhuku. Mukachedwa musadandaule za nthutumba."

Anatuluka akuseka, anakanyamula kamwana kaja pa firiji, kakukuwa.

Tinatsala awiri. Atate anaika chivundikiro pansi pang'onopang'ono. Sanandifunse kuti bwanji. Anaika chala pa waya woyamba wa kachitsulo ka kumanzere. Ndinaimirira, ndinaunikira.

"Wakuda," ndinatero.

"Nyutulo."

Chala chinatsika.

"Wakuda."

"Nyutulo."

Chinatsikanso. Chinaima pa waya wa firiji uja.

"Mama?"

"Wobiriwira, atate."

Chalacho chinakhala pomwepo. Panja mphepo inali kugwedeza malata, ndipo ndinamva azakhali akuthira madzi osamba m'manja m'beseni. Atate sanapume mwamphamvu, sanadzudzule tochi, sananene kuti waya wa ankolo ndi woipa.

"Wobiriwira," anabwereza okha. Anasuntha chala kupita ku kachitsulo ka kumanja, anafufuza, anaima pa waya wina. "Nanga uyu?"

"Wakuda."

"Ndi aja a firiji?"

"Inde, atate."

Anakhala pa kampando ka ankolo. Anaika manja pa mawondo, zikhatho zikuyang'ana kumwamba, ngati munthu amene wabwezedwa katundu. Sindinawaonepo atate ali aang'ono chotero. Ndinazimitsa tochi chifukwa inali kuwaunikira kumaso, ndipo sindinafune kuona.

"Pali china?" anafunsa.

"Kumanzere, chakumunsi, muli awiri m'bowo limodzi."

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati akuvomera nkhani imene anaimva kale.

"Yatsa tochiyo."

Anadzuka, anatenga sikuludalaiva, anamasula onse. Sanamasule olakwika okha. Onse akuda ndi onse obiriwira anawatulutsa, mpaka tizitsulo tiwiri tija tinatsala topanda kanthu.

"Tiyambirenso. Undipatse mmodzimmodzi."

Ndinatenga waya, ndinatchula mtundu wake, ndinawapatsa. Nsonga yake inaphonya bowo, inapita pa lina limene silinali lake. Ndinazengereza. Kenako ndinagwira dzanja lawo, ndinalitsitsa pang'ono mpaka waya analowa. Dzanjalo linali lofunda ndi lokhakhala monga ndimalikumbukira, ndi chipsera chomwe chija pa chala chachikulu. Chikulire sindinaligwirepo. Iwo sanalichotse.

"Wakuda."

"Nyutulo."

"Wobiriwira."

"Ethi."

Tinapitiriza chotero, motsitsa mawu. Ine kutchula ndi kulondolera, iwo kumanga ndi kukoka. Ndili mwana masewerawa tinkawachita mofuula, ine ndikudumpha pa ndowa. Lero mawu ake anali omwewo, koma misozi inali kutsikira m'khosi mwa bulauzi yanga, ndipo ndinkasamala kuti isamveke m'mawu. Titamaliza anandiuza kuti ndiyang'ane bowo lililonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndinene zimene ndikuona. Ndinanena. Anatulutsa makina awo oyezera, anayenda soketi ndi soketi, ine ndikuwawerengera manambala. Pa soketi ya firiji anayeza, anabwereza, anabwerezanso. Kenako anatseka bokosi.

Ankolo anasuzumira, fupa lili m'manja.

"Nkhuku yatha kuzizira, alamu. Mumamasulanso chiyani?"

"Foromani sanakhutire," anatero atate, ndipo anaseka.

Ankolo anaseka kwambiri, anakauza azakhali, nawonso anaseka. Kuseka kwa atate kokha ndiko kunandipweteka, chifukwa kunamveka ngati kwenikweni.

Anadya pang'ono. Azakhali anadandaula kuti achimwene awo ayamba kunyoza zophika za kumudzi. Ankolo anabwereza za katekisiti, atate anati adzakambirana. Potsazikana azakhali anandimangira nsawa m'kathumba, anandinong'oneza kuti ndizibwera, ndidzamwe zozizira zoyamba. Kamwana kaja kanatiperekeza mpaka pa mtengo wa mango, kenako kanathamangira kubwerera ku firiji yake.

Pamsewu tinadikira galimoto nthawi yaitali. Fumbi linali kuwuluka, dzuwa litapendeka. Atate anaima chikwama chili pakati pa miyendo, nkhope ataloza kumene magalimoto amachokera. Ine ndinaima kumbuyo pang'ono, monga ndinazolowera.

"Unadziwa liti?" anafunsa osatembenuka.

"Lero, atate."

"Ine nthawi ya mvula. Kunayamba ngati utsi." Kenako anapitiriza. "Ndinakutenga kuti undithandize. Ndinakonza mawu ake usiku wonse. Koma pamaso pa alamu pakamwa panakana."

Ndinafinya kathumba ka nsawa mpaka zina zinasweka.

"Nyumba zimene ndagwira kuyambira nthawi ya mvula ndimuuza mnzanga uja akazionenso, bokosi lililonse. Ndinkati zala zikundikwanira." Anakweza dzanja lamanja, analigwedeza pang'ono, analitsitsa. "Mwana wa mlongo wanga, mama. Ndi manja angawa."

"Koma mwakonza, atate."

"Wakonza ndiwe."

Ndikadakonda akadandikalipira. Ndikadakonda akadati ndilibe mwambo. Mawu amenewo anandilasa kuposa chilichonse.

Ndinalimba mtima kachiwiri pa tsiku limodzi, zimene sizinandichitikirepo.

"Kuchipatala cha maso munapita?"

"Shuga akalowa m'maso satuluka."

"Anakuuzani ndi adokotala?"

Patali panaoneka fumbi la galimoto, ndipo ine ndinaliona kale iwo asanamve kulira kwake.

"Amayi ako usawauze," anatero. "Ndiwauza ndekha nthawi ikakwana."

Pokwera, phazi lawo linafufuzanso popondera. Kondakitala anakuwa kuti amdala afulumire. Dzanja langa linanyamuka lokha kuti liwagwire pa chigongono, koma m'galimotomo munali anthu, ndipo linabwerera.

Tinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Amayi anafunsa za ulendo, atate anati tayenda bwino, azakhali akupereka moni, ndipo mwana wanuyu wagwira ntchito. Amayi anakondwera ndi nsawa. Atalowa m'khitchini, atate anandiitana pakhonde. Anatsegula chikwama, anafufuza m'kathumba ka m'mbali, anatulutsa tesita ija. Ndi yomweyo, chogwirira chake chinachita chikasu ndi ukalamba.

"Iyi ndi yako. Unkaikonda."

Kenako anatseka chikwamacho, anamanga malamba ake onse awiri, anachikankhira kwa ine ndi phazi.

"Mawa tikaweruka ku Misa ukapereke kwa mnzanga uja. Umuuze kuti ndi chake tsopano."

Analowa m'nyumba, dzanja likutsata khoma. Kale ndinkaona ngati amangokonda kugwira khoma.

Masokosi aja ndinawapeza m'beseni mmene ndinawasiya, madzi atazizira. Ndawatsukuluza, ndawayanika, ngakhale sauma lero. Ndakhala pano kuseri kwa nyumba pamene kuwala kudakalipo, tesita ili pamwendo panga. Ndikudziwa kuti ndinachita bwino kuyankhula. Kamwana kaja kadzakumbatira firiji yake Lolemba, sikadzamva kanthu koma kuzizira. Koma kudziwa zimenezo sikukuchotsa chimene chandikhala pachifuwa. M'mawa uno atate anatuluka pakhomo pano ali mmisiri. Mawu amodzi okha, otuluka pakamwa panga, ndiwo awabweza opanda chikwama.

Mwina adokotala adzanena zomwe atate akuopa. Mwina bokosi la azakhali ndilo lomaliza, kaya tipite kuchipatala kaya tisapite. Koma amene wanena zimenezo mpaka pano ndi mantha awo okha.

Chikwama ndachilowetsa pansi pa bedi langa, kuseri kwa sutukesi. Mawa sindikapereka. Tikaweruka ku Misa, atate akakhala pampando wawo pakhonde, sindikagwada patali. Ndikhala pafupi nawo, ndiitana amayi kuti abwere akhale nafe, ndipo ndiwapempha atate kuti anene okha, ine ndili pomwepo, kenako tisankhe tsiku lopita kuchipatala cha maso.